Manthu wa Pansi pa Nthaka: Mafunso ndi Mayankho pa za Mfumukazi ya Nyerere

Mvula yoyamba ikagwa mu Lusaka, kawirikawiri mwezi wa Novembala, fumbi la ku Chawama ndi ku George limagona tsiku lomwelo. Madzulo ana amatuluka ndi mabeseni a madzi kukaima pansi pa getsi la pa kantemba, kudikira inswa. Kukacha mapiko ali mbwee pakhonde, ndipo nyerere zomwe zinali zii chilimwe chonse zandanda kale ulendo wa ku shuga. Mafunso a tizilombo timeneti amachuluka nyengo yomweyi, ndipo mukawalondola bwino onse amakathera kwa mmodzi amene ambirife sitinamuonepo ndi maso, mayi wa mudzi wonse wa nyerere. Mabuku a kusukulu amamutcha mfumukazi. Agogo athu ankati manthu, dzina lomwe ankapatsa makamaka mayi wa chiswe wa m'chulu. Ine ndimaona kuti dzina la agogoli ndi lomwe limanena zoona.

Kodi nyerere zilidi ndi mfumukazi?

Zili nayo, ndipo popanda iyo mudzi wa nyerere sukhalitsa. M'mudzimo muli magulu atatu. Gulu lalikulu ndi la antchito, omwe timawaona pathebulo ndi m'mbale zogona osatsuka. Onsewo ndi aakazi, ngakhale aja a mitu ikuluikulu timawatcha asilikali, koma sabereka. Gulu lachiwiri ndi la amuna, omwe amaoneka nyengo imodzi yokha pachaka, ndipo sagwira ntchito iliyonse pamudzi. Wachitatu ndi manthu, woikira mazira. Nyerere iliyonse yomwe mwaipsinja ndi chala lero ndi mwana wake wamkazi. Padziko lonse akatswiri alemba mitundu ya nyerere yopitirira 13,000. Ina imakhala ndi manthu mmodzi yekha, ina imasunga amanthu makumimakumi ngakhale mazana m'mudzi umodzi. Kusiyana kumeneku mukukumbukire, chifukwa kudzabweranso tikafika pa nyerere za m'khitchini.

Ndingamudziwe bwanji nditakumana naye?

Kukula kokha sikokwanira, chifukwa asilikali a mitundu ina nawonso ndi akuluakulu. Yang'anani pachifuwa, pakati pa mutu ndi mimba. Chifuwa cha manthu n'chotukuka ngati ka linunda, chifukwa m'menemo ndi momwe munali minofu youlukira. Mukachiyang'anitsitsa pafupi mudzaona timabala m'mbali momwe munathothoka mapiko. Mimba yake ndi yaikulu ndi yonenepa. Mwamuna amadziwika ndi kamutu kakang'ono, maso akuluakulu ndi thupi lowonda longa la mavu. Nthawi yosavuta kukumana ndi manthu ndi m'mawa pambuyo pa mvula: nyerere yaikulu yopanda mapiko, yoyenda yokhayokha m'mphepete mwa khoma, kulowa mng'alu uwu n'kutulukamo, kulowa uwo. Ameneyo ndi mayi watsopano wofuna malo.

Nanga inswa timagwira pagetsi zija, ndi mafumukazi a nyerere?

Ayi. Inswa, zomwe ku Malawi amati ngumbi, ndi ana a chiswe, ndipo chiswe si nyerere ngakhale pang'ono. Mu 2007 akatswiri a ku Natural History Museum ku London, atafufuza chibadwa cha tizilomboti, anatsimikiza kuti chiswe ndi mtundu wa mphemvu zomwe zinaphunzira kukhala pamudzi. Nyerere abale ake ndi mavu ndi njuchi. Kusiyanitsa n'kosavuta. Nyerere ili ndi chiuno chopyapyala ndi tinyanga topindika ngati chigongono, ndipo mapiko ake akutsogolo amaposa akumbuyo. Inswa ilibe chiuno, tinyanga take n'toongoka, mapiko onse anayi ndi ofanana ndipo amathothoka mukangowakhudza.

Mfumukazi yeniyeni ya nyerere yomwe timadya ndi fulufute. Mafulufute, akudabii onyezimira a mimba yodzaza mafuta aja, ndi anamwali a nyerere yomwe sayansi imaitcha Carebara vidua. Chodabwitsa n'chakuti antchito ake ndi tinyerere tachikasu tosakwana mamilimita 2, pomwe mayi wawo amafika masentimita 2. Munthu wosadziwa sangavomere kuti ndi banja limodzi. Tinyerere timeneti timakhala pansi pa nthaka, kawirikawiri pafupi ndi zulu, ndipo akatswiri amatiganizira kuti timalowa m'tinjira ta chiswe kukaba chakudya. N'chifukwa chake ambiri amayesa kuti mafulufute ndi ana a chulu.

Moyo wa manthu umayamba bwanji?

Umayamba ndi ulendo umodzi wa mumlengalenga, woyamba ndi wotsiriza. Mvula ikanyowetsa nthaka, kunja kukatentha bwino popanda mphepo, anamwali a mapiko ndi amuna amatuluka m'midzi yambiri nthawi imodzi. Kutulukira limodziko kuli ndi nzeru yake: amakumana ndi a midzi ina m'malo mokwatirana pachibale, komanso adani amakhuta ena asanathe. Ndipo adaniwo ndi ambiri: anamzeze m'mwamba, abuluzi pakhoma, achule, nkhuku, nyerere za midzi ina, ndi ife omwe.

Akakwerana, mwamuna watha ntchito, ndipo pakapita masiku ochepa amafa. Wamkazi amatera pansi, amathothola mapiko ake ndi miyendo, n'kukumba kachipinda kosaposa nsonga ya chala. Akalowamo amatseka khomo. M'mitundu yambiri sadyanso kanthu kwa masabata angapo. Minofu youlukira ija, poti ilibenso ntchito, imasungunuka m'thupi mwake n'kusanduka chakudya chomwe amadyetsa nacho mphutsi zake zoyamba pakamwa. Apa ndi pomwe ine ndimamulemekezera kwambiri. Palibe womutungira madzi, palibe mnansi, palibe womuphikira phala la uchembere. Amalera ana oyamba ndi thupi lake lenileni, mumdima, yekha.

Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri amatuluka antchito oyamba, ang'onoang'ono kuposa omwe adzabadwe pambuyo chifukwa analeredwa m'njala. Iwowa ndiwo amatsekula khomo n'kukafuna chakudya. Kuyambira tsiku limenelo manthu amasiya ntchito zina zonse, n'kutsala ndi imodzi yoikira mazira. Ofika pamenepa ndi ochepa zedi. Ochuluka amafera m'njira kapena m'kachipinda kaja, makamaka m'komboni momwe pansi ndi simenti, mapazi a anthu ndi madzi osefukira.

Ngati mwamuna amafa, mazira a zaka zotsatira amakhala ndi bambo wotani?

Bambo ndi yemwe uja wa tsiku loulukira, kapena angapo a tsiku lomwelo m'mitundu ina. Manthu ali ndi kathumba m'mimba momwe amasungira mbewu ya mwamuna ili yamoyo kwa moyo wake wonse, ngakhale zitakhala zaka 20. Dzira likamadutsa, amatha kutsekula kathumbako kapena kukasiya kotseka. Dzira lolandira mbewu limabala wamkazi. Dzira losalandira mbewu limaswabe, koma limabala wamwamuna. Choncho nyerere yaimuna ilibe bambo, koma ili ndi mayi ndi agogo a kuchikazi.

Pa ana aakaziwo, woti adzakhale wantchito ndi woti adzakhale manthu kawirikawiri amasiyanitsidwa ndi kaleredwe. Mphutsi yodyetsedwa bwino, pa nyengo yoyenera, m'mudzi womwe wakula mokwanira, imamera mapiko. Inzake yobadwa kwa mayi yemweyo imakhala wantchito. Palibe banja lachifumu la magazi osiyana.

Kodi amalamulira nyerere zinzake, kuziuza kopita ndi chochita?

Ichi ndiye chikhulupiriro chofala kuposa zonse, ndipo n'cholakwika. Manthu salamula. Sadziwa kuti kukhitchini kwanu kuli shuga, sadziwa kuti kunja kwagwa mvula, satuma asilikali. Deborah Gordon wa pa yunivesite ya Stanford wakhala akulondola midzi ya nyerere m'chipululu cha kumalire a Arizona ndi New Mexico kuyambira m'ma 1980, ndipo anapeza kuti nyerere imasankha ntchito potengera anzake omwe yakumana nawo ndi fungo lomwe ali nalo. Ikakumana ndi ambiri obwera ndi chakudya, nayo imatuluka. Akachepa, imakhala. Yopeza shuga imabwerera kwawo ikupaka fungo pansi, ina ikatsata n'kupezadi shuga imawonjezera fungolo, mpaka mzere uja timauona pakhoma wapangika popanda kapitawo aliyense. Ngakhale wolemba Miyambo, pa chaputala 6, anaziona kale kuti nyerere imagwira ntchito yake popanda mfumu yoiyang'anira.

Kunena zoona antchito ndiwo amamusamutsa manthu akaona kuti malo aipa, nthawi zina momukoka kumene. M'mitundu ina anamwali angapo amayamba mudzi limodzi, koma antchito akabadwa amapha ena n'kusiyapo mmodzi. Mphamvu yomwe manthu ali nayo ndi ya fungo la pakhungu lake. Omunyambita ndi omudyetsa amalitenga n'kuligawira anzawo, ndipo limauza mudzi wonse kuti mayi ali moyo ndipo akubereka. Fungo likakhalapo, antchito sayesa kuikira mazira awoawo. Mfumu imaweruza milandu ndi kugawa malo. Uyu sachita zimenezo, iye ndi chiberekero cha mudzi, ndipo n'chifukwa chake mawu oti manthu amamuyenera kuposa oti mfumukazi.

Amakhala zaka zingati?

Zimatengera mtundu. Manthu wa tinyerere tachikasu ta m'nyumba, totchedwa Monomorium pharaonis, sapitirira chaka. Koma ku Germany Hermann Appel anasunga manthu wa nyerere yakuda ya m'minda, Lasius niger, kwa zaka pafupifupi 29, pomwe antchito a mtundu womwewo amakhala chaka chimodzi kapena ziwiri. Manthu wa chiswe cha zulu zikuluzikulu amatha kufika zaka 20. Kwa kachilombo imeneyi ndi nthawi yaitali modabwitsa, ndipo ofufuza za ukalamba amaifunitsitsa nkhaniyi, chifukwa pa zamoyo zambiri wobereka kwambiri ndiye amafa msanga.

M'komboni mopanda tchire ngati muno, manthu amakhala pati?

Pafupi kuposa momwe mukuganizira. Amafuna malo amdima, ofunda, a chinyezi pang'ono, osagwedezeka. Mng'alu wa pansi pa simenti ndi wotero. Chimodzimodzi mabowo a m'kati mwa mabuloko, kuseri kwa pulasitala wofufuma, pansi pa dilamu la madzi, pansi pa thumba la malasha lomwe lakhala pakona mwezi wathunthu, ngakhale m'kati mwa wailesi yakale. Milu ya miyala, mchenga ndi mabuloko ogulitsa m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga ndi ku Mtendere ndi malo abwino kwa manthu watsopano, ndipo womanga nyumba akhoza kugula mudzi wonse wa nyerere pamodzi ndi mchenga wake osadziwa.

Ku Kanyama nkhani ndi madzi. Komboniyi inamangidwa pamwala wa laimu, pamalo osatsetsereka, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri, kotero mvula ikalimbika mu Januwale ndi Febuluwale alibe kolowera. Walira mvula walira matope. Madzi omwe amalowa m'nyumba za anthu amayamba alowa m'zipinda za nyerere, ndipo izo zimasamuka kukwera khoma mpaka kudenga. Mukaona mzere wa nyerere zitanyamula tinthu toyera tonga mpunga, ambiri amati ndi mazira. Si mazira amenewo. Mazira enieni ndi aang'ono ngati fumbi la ufa. Tonga mpungato ndi mphutsi ndi ana omwe atsala pang'ono kusanduka nyerere. Mukadekha n'kuyang'ana mzerewo mpaka pakati, nthawi zina mumamuona mwini wake, wamkulu, atazunguliridwa ndi antchito.

Linthumbu siliima malo amodzi. Nalo lili ndi manthu?

Lili naye, ndipo ndi iye nyerere yaikulu kuposa zonse padziko. Linthumbu, lomwe anzathu olankhula Chibemba amati impashi, ndi la mtundu wa Dorylus. Manthu wake amafika masentimita 5, alibe maso ndipo sanakhalepo ndi mapiko. Ofufuza a ku Belgium omwe anaphunzira linthumbu ku Congo m'ma 1950 anawerengera kuti manthu mmodzi amaikira mazira 3 mpaka 4 miliyoni pamwezi, ndipo mudzi umodzi umatha kupitirira nyerere 20 miliyoni. Gulu lotere limamaliza chakudya cha malo amodzi msanga, n'chifukwa chake limasamukasamuka, manthu ali pakati pa mzere.

Poti sauluka, mwamuna ndiye amamufunafuna. Chilombo chachikulu chofiirira, cha mimba yaitali ngati soseji, chimene chimagundagunda getsi usiku wa dzinja n'kugwera m'mbale ya ndiwo, ndi linthumbu laimuna. Chimaopsa poyang'ana koma chilibe mbola. Chikapeza mzere wa linthumbu, antchito amachithothola mapiko n'kuchitengera kwa namwali. Mudzi watsopano umayamba pogawikana: gulu limodzi limapita ndi mayi, lina limatsala ndi mwana.

Linthumbu likalowa m'nyumba, chotsani ana, odwala, nkhuku za m'khola ndi ziweto zomangirira, chifukwa chosatha kuthawa ndicho chili pangozi. Kenaka lipatseni njira. Likamatuluka limakhala litasesa mphemvu ndi tizilombo tina m'ming'alu momwe tsache silifika. Phulusa lothira mozungulira pakhomo, monga ankachitira makolo, limathandiza kulipatutsa.

Ndimapopera mankhwala pafupipafupi koma nyerere sizitha. Ndikulakwitsa pati?

Mukupha ana, mayi ali bwinobwino. Nyerere zotuluka kukafuna chakudya ndi gawo lochepa la mudzi, ndipo kawirikawiri ndi zokalamba. Mankhwala opopera, aja ambiri timangowatcha Doom, amapha zomwe awakhudza, koma kuseri kwa khoma safikako. Pakatha masiku ochepa ena aswa. Pa tinyerere tachikasu tija ta amanthu ambiri, kupopera kumatha kuonjezera vuto: mudzi ukasokonezeka umagawikana, kagulu kalikonse n'kutenga manthu wake ndi mphutsi kupita pakona ina. Munali ndi mudzi umodzi, tsopano muli nayo itatu.

Njira yofika kwa manthu ndi ya m'kamwa. Nyerere zimagawana chakudya pakamwa ndi pakamwa mpaka chimafika kwa mayi ndi mphutsi. Choncho nyambo iyenera kukhala yopha pang'onopang'ono, kuti wantchito afike nayo kwawo. Theka la supuni yaing'ono ya borax m'kapu imodzi ya madzi a shuga ndi yokwanira. Nyowetsani thonje, liikeni m'kachitini kotseka koboola timabowo, pafupi ndi mzere wawo, kutali ndi ana ndi ziweto. Masiku oyamba nyerere zimachuluka panyambopo, ndipo musazipophere, zisiyeni zinyamule. Zimatenga masabata angapo. Mukachulukitsa mankhwala zimafera panjira ndipo mwataya nthawi. Kupatula apo, tsekani shuga m'chigubu, tsukani mbale musanagone, pukutani mzere wawo ndi madzi a sopo kuti fungo lichoke, ndipo matani ming'alu ndi simenti. Kuvundikira chakudya n'kofunikanso chifukwa nyerere yoyenda pa nsima yanu mwina yadutsa kuchimbudzi kapena kudzala.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani ndi mtima wonse. Ufa ndi timadzi topanda dzina togulitsidwa m'misewu ndi m'misika, tothiridwa m'mabotolo a zakumwa, musatilowetse m'nyumba ya chipinda chimodzi momwe mwana akukwawa. Mankhwala ophera tizilombo ovomerezeka mu Zambia amalembetsedwa ku bungwe la ZEMA ndipo amakhala ndi chizindikiro ndi malangizo. Mwana akamwa mankhwala otere musamusanzitse ndipo musataye nthawi ndi mkaka. Thamangirani naye kuchipatala cha pafupi, kaya ndi Kanyama, Matero kapena Chawama, mutanyamula botololo.

Manthu akafa chimachitika n'chiyani?

M'mitundu ya manthu mmodzi mudzi sugwa tsiku lomwelo. Antchito amapitiriza kutuluka, kulera mphutsi zotsala ndi kusesa. Koma wobadwa palibenso. Fungo la mayi likazilala, antchito ena amayamba kuikira mazira, koma poti sanakwatiwe, onse oswa ndi amuna. Mudzi umachepa pang'onopang'ono mpaka kutha, pa miyezi ingapo kapena chaka. Njuchi zimatha kulera mfumukazi ina msanga, koma nyerere zambiri sizitero. M'mitundu ya amanthu ambiri imfa ya mmodzi siimveka n'komwe. Ku India kuli nyerere yodumpha yotchedwa Harpegnathos saltator, yomwe antchito ake manthu akafa amalimbana ndi tinyanga kwa masabata, ndipo opambana amayamba kubereka. Wantchito amene akanakhala miyezi 7 yokha amatha kufika zaka 4 akalowa m'malo mwa mayi.

Kumudzi amati ukakumba chulu n'kuchotsa manthu, chiswe chatha. N'zoona?

N'zoona mbali imodzi. Manthu wa chiswe cha mtundu wa Macrotermes amakhala m'kanyumba ka dothi lolimba ngati njerwa, pakatikati pa chulu, kokhala ndi timabowo tongokwana antchito. Iye sangatulukemo, chifukwa mimba yake imatupa mpaka kutalika ngati chala cha munthu wamkulu kapena kuposa, yoyera, yofewa, yogundagunda. Amaikira mazira okwana 20,000 patsiku, kutanthauza limodzi pa masekondi anayi alionse, usana ndi usiku. Apa pali kusiyana kwina ndi nyerere: pambali pake pamakhala mwamuna wake, yemwe anauluka naye tsiku loyamba ndipo amakhala naye mpaka imfa. Antchito a chiswe nawonso ndi aamuna ndi aakazi.

Mukawachotsa awiriwa chulu chambiri chimafadi. Koma ngati m'katimo muli ana omwe atsala pang'ono kumera mapiko, chiswe chimatha kulera manthu wina, ndipo mvula yotsatira mupeza dothi latsopano pamwamba. Chachiwiri, chiswe chomwe chimadya mitengo ya denga, mafelemu a zitseko ndi mizu ya chimanga nthawi zambiri si cha m'chulu chomwe mukuchiona. Mitundu ngati Microtermes imamanga tizipinda tobalalika pansi pa nthaka popanda chulu, ndipo manthu wake simungamupeze ndi khasu. Chothandiza ndi kupaka mankhwala mitengo musanamange, kusalola thabwa kukhudza dothi, ndi kugumula tinjira ta dothi tokwera khoma mukangotiona.

Musanakumbe, ganiziraninso zomwe chulu chimapereka. Chiswe cha m'chulu chimalima bowa m'kati mwake, chimaudyetsa udzu ndi mitengo yotafuna, ndipo bowawo ukaphuka kunja ndi ndiwo yathu. Chikolowa, bowa wodyedwa wamkulu kuposa onse padziko, yemwe chipewa chake chimatha kufika mita imodzi, amamera pa chiswe. Sayansi inamulemba koyamba mu 1980 kuchokera muno mu Zambia, kudzera mwa David Pegler ndi Graham Piearce, omwe anamutcha Termitomyces titanicus, pomwe amayi a kumidzi anali atamugulitsa m'mbali mwa misewu kuyambira kalekale. Dothi la pachulu alimi ena amalimwaza m'munda kuti nthaka ibwerere, ena amaumbira njerwa. Chulu chikafa, bowa ndi inswa za pachulupo zimathera pomwepo.

Tinamva kuti ku Kenya anthu anamangidwa chifukwa cha nyerere. Zinali zoona?

Zinali zoona. Mu Epulo 2025 anyamata awiri a ku Belgium anagwidwa ku Naivasha ndi nyerere zamoyo pafupifupi 5,000, zoikidwa m'timachubu tokhala ndi thonje. Mwa izo munali amanthu a Messor cephalotes, nyerere yaikulu yofiira yotola mbewu za udzu. Pa mlandu wofanana anagwidwanso munthu wa ku Vietnam ndi wa ku Kenya komweko. Mu Meyi khoti la ku Nairobi linalamula aliyense kulipira mashilingi 1 miliyoni kapena kukhala m'ndende chaka chimodzi. Ku Ulaya ndi ku Asia kuli anthu oweta nyerere m'mabokosi a galasi, ndipo amafuna manthu chifukwa wantchito payekha amangofa, koma manthu wokwatiwa kale ndi mudzi wathunthu wonyamulika m'thumba la malaya.

Kuopsa kwake kuli pawiri. Komwe zachotsedwa, nthaka imataya zoifukula ndi zomwaza mbewu. Komwe zapita, zikathawa zimatha kulanda malo a eni dziko. Ku Ol Pejeta, ku Kenya konko, nyerere ya mutu waukulu yotchedwa Pheidole megacephala, yomwe imasunga amanthu ambiri, inafika kuchokera kwina n'kupha nyerere zomwe zinkateteza mitengo ya minga poluma njovu m'chitamba. Njovu zinayamba kugwetsa mitengoyo mosaopa, tchire linayera, ndipo mikango, posowa pobisala, inachepetsa kugwira mbidzi n'kutembenukira ku njati. Kafukufuku ameneyu anatuluka mu magazini ya Science mu Januwale 2024.

Nanga ife tikamadya inswa ndi mafulufute chaka ndi chaka, sitikumaliza mtundu wake?

Funsoli ndi loyenera, chifukwa fulufute aliyense wa m'chiwaya akanatha kukhala mayi wa mudzi, ndipo pa inswa za m'beseni muli amanthu ndi amuna awo a m'tsogolo. Koma mudzi wokhwima umatulutsa zouluka zikwizikwi chaka chilichonse podziwa kale kuti pafupifupi zonse zidzadyedwa. Mwana wa beseni pansi pa getsi akupikisana ndi mleme ndi chule, ndipo manthu wakale ali pansi osakhudzidwa, akukonzekera za chaka chamawa. Ndiwo imeneyi ndi ya mafuta ndi zomanga thupi zambiri, ndipo imabwera mwezi womwe ufa wayamba kuchepa m'nyumba zambiri. Palibe chochititsa manyazi poidya. Chofunika ndi kupewa zogwidwa pamalo pomwe papoperedwa mankhwala, ndi kuzikazinga bwino.

Chomwe chimachepetsa inswa ndi kutha kwa zulu. Mzinda ukamakula kulowera ku Chalala, ku Chongwe ndi kumadzulo kupitirira Kanyama, pulotu iliyonse yatsopano imayamba ndi kusalaza chulu ndi kuthira mankhwala m'maziko. Akuluakulu omwe anakulira ku Matero ndi ku Mtendere nyumba zisanathithikane amakumbukira inswa zodzaza ndowa pakhomo pomwe, pamene lero ambiri amakazigula pa Soweto Market zoyezedwa ndi kambale.

Mvula ikadzagwanso, mukatha kutola za m'beseni, muunikeko pansi m'mphepete mwa khoma. Mudzaona inswa ziwiri zothothola kale mapiko zikuyenda motsatizana, ya pambuyo itagunditsa mutu kumchira wa inzake. Ya patsogolo ndi yaikazi, ya pambuyo ndi mwamuna wake, ndipo zikufuna dothi lofewa poti zikumbe.